Tunjila Tumene Mathilaki Satudziwa

Aliyense amene anakulila mu Kafue amadziwa kulila kwa mabuleki a thilaki pakati pa usiku, koma si onse amene anaimapo n'kufunsa cifukwa cake mathilaki onsewa amapita pakhomo pathu. Yankho lili pa mapu. Kumadzulo kwa tauni kuli cidambo cacikulu ca Kafue Flats, cimene cimasefukila madzi nthawi ya mvula. Kum'mawa mtsinje umalowa m'mapili na kugwela mu Kafue Gorge. Pakati pa cidambo na mapili pali mpata umodzi cabe pamene mseu na njanji zingawoloke mtsinje popanda vuto lalikulu, ndipo tauni yathu inakhala pa mpata umenewo. Ndiye cifukwa cake ulalo wa njanji unamangidwa kuno mu 1906, ndipo ulalo wa mamotoka uli makilomita 9 kumunsi kwake. Katundu wocokela ku Chirundu, ku Livingstone na ku Kazungula, wopita ku Lusaka, ku Copperbelt mpaka ku Congo, pafupifupi yense amadutsa pa Great North Road, pakati pa masitolo athu, masukulu athu na misika yathu.

Manje ikani munthu wa njinga pa mseu umenewo. Thilaki ikamakupitilila, coyamba cimene umamva ni mphepo yokukankhila kunja. Ikadutsa ngolo yoyamba, mphepo ina imakukokela mkati, kumene kukubwela matayala a ngolo yaciwili. Minibasi imaima paliponse pamene kondakitala waonela munthu, ndipo citseko cimatseguka ikalibe kuima. M'malo ena m'mphepete mwa tala munadyeka, moti ukathawa motoka n'kutsikila kumbali, tayala lakutsogolo limagwila mcenga ndipo njinga imasankha yokha kopita. Msuweni wanga amene amalima lepu na tomato ku madimba a m'mbali mwa mtsinje anamenyedwa pa phewa na galasi la minibasi m'mawa wina, ali na mabasiketi awili pa kaliya. Woyendetsa sanaime. Fupa la pa phewa linathyoka, ndipo kwa miyezi itatu sanakwanitse kunyamula keni yothilila. Dimba linauma, nkhongole ya mbeu na fetelaiza inatsala. Nkhani yake siinamveke pa nyuzi iliyonse, cifukwa sanafe.

Ine nimathandiza pa wailesi ya m'dela lathu monga volontiya. Amene anagwilapo nchito imeneyi adziwa kuti malipilo ake ni zikomo na kapu ya tiyi, conco ndalama ya basi tsiku lililonse siipezeka, ndipo pulogilamu ya m'mawa siiyembekeza munthu. Njinga ndiyo miyendo yanga. Msuweni atavulala, amayi ananiitana n'kuniuza kuti niigulitse. Sin'nakangane nawo. N'napita kwa anthu amene amachova kwambili kuposa tonse mu tauni ino, azibambo ogulitsa malasha, amene amalowa mu Kafue kusanace na masaka atatu olo anayi pa njinga imodzi. Munthu wonyamula katundu wotelo sangathawe thilaki, conco amayesetsa kuti asakumane nayo n'komwe. Ali na zifukwa zinanso zopewela mseu waukulu, koma zimenezo tizisiye.

N'nafunsa wacikulile wina wa imvi m'ndevu amene amagulitsa m'komboni mwathu: "Ba mudala, imwe mumapita kuti kuti mathilaki asakupezeni?" Anaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, njila siiuzidwa pakamwa. Mailo nikatsiliza kugulitsa unikonkhe."

N'nawakonkhadi. Tinapita kumbuyo kwa nyumba za anthu, tinadutsa pakati pa chalichi na bwalo la bola, tinatsata ngalande youma, kenako tinalowa pansi pa nthambo zikuluzikulu za malaiti, kumene kanjila kamayenda mowongoka ngati kanajambulidwa na lula. Tala tinaiwoloka kamodzi cabe, titatsika n'kukankha njinga. Ulendowo unatalikilako pang'ono poyelekeza na mseu waukulu, koma palibe motoka imene inatilizila huta.

Kucokela tsiku limenelo nimayenda m'tunjila tumenetu, ndipo n'napezamo cinthu cina cimene sin'nali kufunafuna. Pa mseu waukulu umachova mapewa ali m'mwamba, khutu lili kumbuyo. Pa kanjila ka dothi mapewa amatsika okha. Umamva tumiyala tukulila pansi pa matayala, umamva cheni, nkhunda, mayi akusesa pabwalo. M'mawa wa June, mphepo ikuluma zala, nkhungu imagona pa mtsinje, ndipo mapili a miyala amene tauni yathu inatsamila amayamba kufiila pamwamba dzuwa likalibe kufika pansi. Anthu amakupatsa moni, cifukwa liwilo la njinga limalola moni. Nimafika ku situdiyo mutu uli bwino, ndipo omvela ena anenapo kuti mawu anga a m'mawa amamveka ngati a munthu amene wadya kale.

Za ku France zinalowa m'nkhaniyi kupitila pa nchito yomweyo ya pa wailesi. Pa 3 June ni tsiku la njinga padziko lonse, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2018, ndipo tinali kukonza pulogilamu ya tsikulo. Mnyamata amene amatithandiza pa makina ananionetsa vidiyo pa foni: azungu anayi, zisote kumutu, akuchova pakati pa minda ya ku France pa njinga zimene amati za gravel. Ni njinga zooneka ngati za mpikisano, mahandulo opindikila pansi, koma matayala ake ni onenepako kuti zigwile bwino pa dothi na pa miyala. Mtengo wa imodzi ungagule ma Buffalo angapo. Mnyamatayo anali kusilila njingazo. Ine maso anga anali pansi, pa njila. Inali yopapatiza, ya tumiyala toyela, udzu mbali zonse ziwili, motoka kulibe. Kucotsapo minda ya mpesa, inali kanjila kathu kaja ka pansi pa nthambo za malaiti.

N'nayamba kuwelenga. Anthu a ku France njila zotele amazichula kuti voies vertes, kutanthauza njila zobiliwila. Zambili sanazilambule pa thengo latsopano, anangotenga malo amene anali atasiyidwa. Dziko lawo linali na njanji zing'onozing'ono zambili za kumidzi zimene zinatsekedwa mamotoka ataculuka. Anazula zitsulo, anasalaza pamene panali njanji, n'kupatsa njilayo anthu a njinga na oyenda pansi. Imodzi mwa zoyambilila ni ya pakati pa Givry na Cluny ku Burgundy, imene inatsegulidwa mu 1997. Popeza sitima siikwela citunda cacikulu, njila yotelo ilibe zokwela zolemetsa, moti nkhalamba na mdzukulu wake amachova limodzi. Kupitilila Cluny, njilayo imalowa m'mphanga ya Bois Clair imene inaboola phili, yotalika makilomita 1.6, ndipo nthawi yozizila amaitseka kuti mileme igone mwamtendele. Inde, mileme. N'tawelenga zimenezi pa wailesi, foni inalila nthawi yomweyo, munthu akufunsa ngati wamva bwino.

Zina zimatsata ngalande zikuluzikulu zimene zinakumbidwa kalekale kuti muziyenda maboti a katundu. Mainjini akalibe kubwela, mabotiwo anali kukokedwa na mahosi oyenda m'mbali, conco ngalande iliyonse inali na kanjila kake. Canal du Midi, yotalika makilomita 240 kucoka ku Toulouse kukafika ku nyanja ya Mediterranean, inatsegulidwa mu 1681. Mahosi anapita kalekale, kanjila kanatsala, ndipo lelo mumayenda alendo a njinga. N'cimodzimodzi na ngalande ya pakati pa Nantes na Brest ku Brittany. Mbali zina anaikako tala, zina ni dothi lotsendeleka na tumiyala. M'mbali mwa mtsinje wa Loire analumikiza njila zotele na tumiseu twa kumidzi n'kupanga ulendo wa makilomita pafupifupi 900. Nyumba zogona alendo za kufupi na njilazi zimaika cizindikilo ca Accueil Vélo, cosonyeza kuti pali posungila njinga na zida zoikonzela. Ndiye kuti mudzi umene sitima inausiya umayambanso kugulitsa buledi na khofi kwa anthu odutsa.

Zonsezi n'zokoma kumva, koma cimene cinanigwila mtima ni lamulo. Mu 2004 boma la France linalemba voie verte m'malamulo a pa mseu, kuti ni njila ya oyenda pansi, a njinga na okwela mahosi, ndipo motoka wamba siiloledwa. Poyambila pali cikwangwani, ndipo m'malo ambili pali tumizati tochinga kuti motoka isalowe. Njilayo ili na dzina, ili pa mapu, ili na ofesi imene imayankha ikawonongeka. Munthu sangauke m'mawa n'kuyamba kukumbapo maziko a nyumba.

Apa m'pamene tisiyana. Kunena za njila, Kafue siicepekedwa. Tili na njanji, ndipo m'mbali mwake muli malo osamangapo. Tili na nthambo za ZESCO zocokela ku Kafue Gorge, ndipo pansi pake salola nyumba. Tili na mapaipi otenga madzi ku Iolanda kupita nawo ku Lusaka. Tili na tumiseu twa ku mafamu, twa ku madimba, twa ng'ombe zopita kukamwa madzi. Paliponse pamene panatsala mpata wautali, mapazi na matayala a njinga anapangapo kale njila popanda kontilakita. Nikumbutse kuti njanji yathu ni yamoyo, sitima imapita: nikunena za kumbali kwake, osati pakati pa zitsulo, ndipo pa ulalo wa njanji musayese n'komwe. Cimene tilibe ni pepala. Tunjila twathu tulibe mamotoka cifukwa ni toipa kwambili kwa motoka, olo cifukwa mwini malo akalibe kupeza ndalama ya simenti. Mtendele umene nimamva m'mawa uja ni wobweleka.

Ndipo eni ake amabwela kudzautenga. Kanjila kamodzi kamene ba mudala aja ananionetsa kanali kudutsa pa malo opanda kanthu pakati pa makomboni awili. Ana a sukulu anali kupita pamenepo, azimayi opita ku cigayo, odwala opita ku kiliniki. Tsiku lina tinapeza tumizati twa simenti m'makona. Patapita milungu ingapo panabwela mabuloko, ndipo mwezi ukalibe kutha panali mpanda wautali kuposa munthu, mabotolo oswa pamwamba. Mwini puloti sin'namuonepo, ndipo sinikuti analakwa. Anagula, ali na mapepala, afuna kumanga monga mmene tonse tifunila. Koma amene anapima mapuloti aja sanasiye olo mamita awili pakati, cifukwa pa mapu amene anali nawo panalibe njila iliyonse. Njila ya zaka zambili, yodziwika na mwana aliyense wa m'delalo, pa pepala inali thengo. Lelo ana aja amazungulila ku tala. Amayenda m'mphepete mwa Great North Road m'mawa na masana, wamkulu atagwila wamng'ono dzanja, mathilaki akuwapitilila.

Imfa ina ya kanjila imabwela na nthungululu. Gileda ikapita tonse timakondwela, ndipo m'pake, cifukwa ambulansi ifunika kufika, nsomba na tomato zifunika kufika ku msika zikalibe kuola. Koma mseu ukasalala liwilo limakwela, ndipo palibe amene amafunsa kuti wa njinga amene anali kuyenda pamenepo zaka zonsezi apite kuti. Amamusiyila fumbi, ndipo tala ikabwela amamusiyila m'mphepete modyeka muja. Citukuko sinicikana. Nikungofunsa cifukwa cake pa mamita onse a mseu watsopano sipapezeka awili a munthu amene alibe injini.

Kwa amene afuna kulawa tunjila tumene tukalipo, ulendo wabwino ni wa kumadzulo, kuloza ku Chanyanya, ku madoko a asodzi m'mphepete mwa Flats. Mseu wake waukulu umakhala na ma Canter a ogula nsomba, koma m'mbali mwake muli tunjila twa m'midzi tumene tumalowa na kutuluka, ndipo ukafunsa mwaulemu amakulangiza. Dziko limatambasuka, mapili amatsala kumbuyo, kumwamba kumakula. Moni umasintha pa njila: apa Cinyanja, apo Citonga, ku doko umamvanso Cibemba na Cilozi. Nthawi yabwino ni kuyambila May mpaka July, dothi litauma koma fumbi likalibe kukula. Mu October nyamukani kusanace ndipo mubwele dzuwa likalibe kufika pamutu, apo ayi mudzakankha njinga mukutukwana dzina langa. Nthawi ya mvula dothi lakuda la ku Flats limamata pa matayala mpaka wilo kuleka kuzungulila, ndipo umanyamula njinga imene inayenela kukunyamula. Minga ni yambili, conco pampu, zigamba na solushoni zisatsale. Madzi akumwa nyamulani anu. Pa mtsinje musatsukile njinga pamene eni dela satsukila, cifukwa ng'ona za mu Kafue sizifunsa ngati ndimwe alendo. Pobwelela, mukapeza amayi ogulitsa cibwantu pansi pa mtengo, imani. Palibe cakumwa ca m'sitolo cimene cimabweza mphamvu m'miyendo ngati cimeneco.

Njinga ya gravel siifunika. Buffalo ya a World Bicycle Relief, imene kaliya yake inapangidwa kuti izinyamula makilogilamu 100, imayenda bwino ngakhale kuti ni yolemela pa citunda. Eagle yakale ya ku Luangwa Industries ku Chipata, ngati agogo anu akali nayo kumbuyo kwa nyumba, ingofunika matayala na mafuta pa cheni. Za magiya zogulidwa kale zija nazonso zimakwana, malinga mwaona mabuleki. Zimene azungu apeza posacedwa, kuti tayala lonenepa limakoma pa dothi, ba mudala a malasha anazidziwa ise tikalibe kubadwa.

Vuto lina lili m'mitu mwathu, ise acinyamata a m'tauni. Kafue inakula na mafakitale, pamene Kafue Textiles na Nitrogen Chemicals of Zambia zinayamba nchito ca m'ma 1970 ndipo nyumba za ku Estates zinadzala anchito. Atate, amene anagwilako ku fakitale ya nsalu, amasimba kuti munthu akagula njinga yatsopano anali kuipukuta pa Sondo masana pabwalo kuti aneba aone, ndipo mwana anali kuikhudza atapempha. Lelo mnyamata angalole kuyenda pansi ola lathunthu, olo kukongola ndalama ya basi, kusiyana n'kuti mtsikana amuone pa njinga. Anzanga akaniona amakuwa kuti, "Boyi, malasha ni zingati lelo?" Koma pitani ku Lusaka pa Ciwelu m'mawa, ku Leopards Hill Road, mudzapeza mabwana atavala tumakabudula tothina akuchova, mamotoka awo odula atawasiya pa mthunzi. Wolemela akakwela njinga timati asamala thanzi, wosauka akakwela timati zamuvuta. Malinga tikali kuiona motelo, palibe khansala amene adzaimilila pa msonkhano kukamba za njila ya njinga, cifukwa adziwa kuti ngakhale ovota ake amene amachova amalota tsiku limene adzaleka.

Kwa atsikana nkhani ni yolemelako. Mlongosi wanga amachova bwino kuniposa pa mcenga, koma kanjila kacete kamene kwa ine ni mpumulo, kwa iye ni malo oopsa, makamaka m'madzulo olo udzu ukatalika mu March. Iye amasankha mathilaki, cifukwa pa mseu waukulu pali maso a anthu. Tsiku lina n'kumusimbila za nkhunda na nkhungu, anangoti, "Imwe amuna mumaopa cabe motoka." Ndiye kuti njila yopanda mamotoka siikwana ngati ilibenso anthu. Ifunika kuchechedwa udzu, ifunika kudutsa pafupi na nyumba na tuntemba, ifunika oyendamo ambili. Kanjila kakakhala na dzina na cikwangwani anthu amaculuka, ndipo kwa mlongosi wanga kuculuka kwa anthuko ndiko kungamucotse pa tala.

Nidziwa zimene ena mukunena: tauni ili na mavuto a madzi, a nchito, a malaiti, iwe ukukamba zochova njinga ngati mzungu wa pa holide. Funso labwino. Koma onani amene ali m'tunjilatu pa 06:00. Ni mwana wa sukulu, mayi wa tomato, mlonda wocoka ku nchito ya usiku, wodwala amene wakwezedwa pa kaliya kupita ku kiliniki. Anthu a ku France ambili amayenda m'njila zawo kuti asangalale pa chuthi, ise tifuna zathu kuti anthu azifika amoyo kumene apita. Ndipo mtengo wake ni wocepa poyelekeza na kilomita imodzi ya tala. Mu 2022 CDF inakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mapempho a nchito za citukuko amayambila m'makomiti a m'mawadi, ma WDC. Kumeneko n'kumene munthu angapemphe zinthu zing'onozing'ono. Tunjila tutatu olo tunayi tumene anthu amadalila kwambili tulembedwe pa mapu a khonsolo mapuloti akalibe kugawidwa. Popima malo atsopano azisiya mpata. Pa ngalande pamene timanyamula njinga pa phewa mu January aikepo kalavati, ndipo polowela aimike tumizati tuwili kuti takisi yofuna cidule isalowe. Kumbali ya njanji na pansi pa nthambo pafunika kukambilana na eni ake, Zambia Railways na ZESCO, amene ali na malamulo awo a citetezo, ndipo malamulowo ali na zifukwa. Koma anthu amapitamo kale tsiku lililonse. Kukambilana kungangoonetsa pamene angapite bwino na pamene sayenela kufika.

Pa pulogilamu ija ya 3 June n'napempha omvela kuti atume foni n'kuchula kanjila kamene amayendamo, na dzina limene amakaitana. Mafoni sanaleke mpaka nthawi inatha, ndipo ena anatumiza mawu pa WhatsApp usiku. Zinapezeka kuti tunjilatu tuli na maina kale. Kena kamachulidwa na mkuyu umene unadulidwa kalekale, kena na shabini imene inatsekedwa, kena na agogo amene anali kugulitsa munkoyo pa mphambano. Azibambo awili, wina wa ku Shikoswe wina wa ku Zambia Compound, anakangana pa wailesi pomwepo za kanjila kamodzi, aliyense na dzina lake, mpaka n'naika nyimbo. Mayi wina anati kanjila kawo kanatsekedwa caka catha, ndipo anafuna cabe kuti dzina lake limveke.

Maina onse tinawalemba m'buku la hadikava la ku situdiyo. Manje pa Ciwelu, ise ocepa timasankha kanjila kamodzi m'bukumo n'kukayenda, foni ili m'thumba ikulemba njila na GPS, kuti tikakhale na mapu oonetsa ku WDC. Mnyamata wa makina uja ndiye amasamala za mafoni. Akali kusilila njinga ya ku France, koma amabwela na ya amalume ake yopanda mabuleki akumbuyo. Ba mudala a malasha anakana kulowa m'gulu. Anati pa Ciwelu ni tsiku la malonda, ndipo iwo sangachove njinga yopanda katundu monga munthu wosowa cocita. Koma anatiuza kuti tikafika pa tunjila twa kuseli kwa mapili tiwaitane, cifukwa kumeneko foni idzatinamiza.